Kabodi kakang'ono komwe kakuukitsa mawailesi akale, ndi zoyenera kudziwa musanakaode

Pa benchi la wokonza zamagetsi aliyense, kaya ndi mumsika wa Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, sipalephera kukhala mulu wa mawailesi akaseti, ma ampulifaya ndi ma DVD omwe eni ake anawasiya kalekale osabweranso kudzatenga. Ambiri mwa iwo si akufa ayi. Masipika ake ali bwinobwino ndipo mawu ake ndi amphamvu kuposa a tizisipika tatsopano tapulasitiki. Vuto lake ndi limodzi: nyimbo masiku ano zili mufoni, ndipo wailesi yakaleyo siidziwa njira yolankhulira ndi foni.

Okonza ena anapeza kale njira. Amatsegula wailesiyo, n'kulumikiza kabodi ka Bluetooth kotalika ngati chala pamalo polowera mawu, n'kukapatsa moto, basi. Chinthu chomwe chikanagulitsidwa pa kilo ngati chitsulo chimabwereranso pashelefu ndi mtengo wake.

Kabodi kotereka amakatcha module. Alipo amitundumitundu, ndipo ndi omwe ali m'kati mwa malimoti a mageti, ma alamu a galimoto, tizipangizo tolondolera njinga zamoto za kabaza, ngakhalenso masola ena ogula pangongole. Kwa wamalonda wamng'ono, apa pali mwayi wa phindu, komanso pali dzenje lomwe lingameze mpamba wonse ngati aoda mosadziwa.

Module ndi chiyani?

Kupanga chipangizo chotumiza ndi kulandira mauthenga mumlengalenga ndi ntchito yovuta kuposa ntchito zambiri zamagetsi. Kanjira kamkuwa pabodi kakatalika pang'ono chabe kuposa muyeso, mphamvu imatayika kapena chipangizocho chimayamba kusokoneza zinzake. Makina oyezera zimenezi ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo si zopezeka pa benchi la mumsika.

Module imathetsa vuto limeneli. Kampani imatenga chip cha wailesi, n'kuikapo tizipangizo tonse tofunika, nthawi zambiri ndi eriyo yomwe, n'kuziyesa kufakitale. Wogula amalandira kabodi komwe kali ndi timiyendo tochepa: tina tolandirira moto, tina tolowetsera ndi kutulutsira uthenga. Ntchito yake imatsala yolumikiza mawaya moyenera, ndipo pa ma module ena, kulemba pulogalamu yaifupi pakompyuta.

N'chifukwa chake ngakhale makampani akuluakulu opanga mababu, mafiriji ndi mamita amagula ma module opangidwa kale m'malo mopanga wailesi yawoyawo. Zimawapulumutsira nthawi, ndipo module yomwe inayesedwa kale n'kupatsidwa chiphaso imachepetsa ndalama zoyezetsera katundu.

Momwe mitengo inagwera

Zaka zapitazo, kuika Wi-Fi m'chipangizo kunali kodula moti anthu wamba sankakuganizira n'komwe. Zinthu zinasintha mu 2014 pomwe kampani ya Espressif ya ku Shanghai m'dziko la China inatulutsa chip chotchedwa ESP8266, ndipo kampani ina, Ai-Thinker, inachiika pa kabodi kotchedwa ESP-01 komwe kankagulitsidwa pa mtengo wosafika madola asanu. Poyamba malangizo ake anali m'Chitchaina mokha, koma anthu okonda zamagetsi m'maiko osiyanasiyana anawamasulira n'kuyamba kugawana nzeru. Mu 2016 Espressif inatulutsa ESP32, yomwe ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth pamodzi.

Ambiri mwa ma module omwe amafika kuno amadutsira mumzinda wa Shenzhen, komwe kuli msika waukulu wa zipangizo zamagetsi wotchedwa Huaqiangbei. Kuchoka uko ena amabwera mwachindunji, ena amadzera ku Dar es Salaam, Dubai kapena Johannesburg, ndipo pena paliponse pomwe adutsa mtengo umakwera.

Mtundu uliwonse ndi ntchito yake

Kulakwitsa koyamba kwa wogulitsa ndi kuganiza kuti chilichonse chopanda waya n'chimodzimodzi. Kasitomala akafika, funso loyamba likhale lakuti akufuna kutumiza chiyani, pamtunda wotalika bwanji, ndipo moto autenga kuti.

Otsika mtengo kwambiri ndi ma module a 433 MHz, omwe amagulitsidwa awiriawiri, wina wotumiza wina wolandira. Ndi omwe ali m'malimoti a mageti, mabelu apakhomo opanda waya ndi ma alamu. Amangonyamula uthenga waufupi monga wakuti tsegula kapena tseka, pamtunda wa mamita makumi angapo. Sangatumize nyimbo kapena zithunzi.

Bluetooth, yomwe inayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994 ndipo dzina lake linachokera kwa Harald, mfumu yakale ya ku Denmark, imagwira pa 2.4 GHz. Ma module ambiri wamba amafika pafupifupi mamita 10. Apa pali msampha womwe wagwetsa ambiri: ma module a Bluetooth onyamula nyimbo ndi osiyana ndi onyamula malamulo. HC-05 ndi HC-06, omwe ndi otchuka pakati pa ophunzira zamagetsi, satulutsa nyimbo. Ntchito yawo ndi kulumikiza foni ndi kabodi kena monga Arduino kuti munthu ayatse babu kapena kuwerenga muyeso wa chinthu. Komanso awiriwa salumikizana ndi iPhone. Wofuna kuukitsa wailesi yakale amafunika kabodi ka mawu, komwe kawirikawiri kamabwera ndi polowetsera fulashi, memori khadi, FM ndi kalimoti kake, ndipo kamapezeka ka 5V ndi ka 12V.

Ma module a Wi-Fi, monga ESP8266 ndi ESP32, ndi oyenera pomwe pali kale rauta kapena foni yogawa intaneti, monga mushopu, pa lodge kapena pasukulu. Awiriwa amaona Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha. Ngati rauta ya kasitomala yaikidwa pa 5 GHz basi, module siipeza, ndipo kasitomalayo amabwerera akunena kuti wagulitsidwa chakufa pomwe chili bwino.

Ma module a GSM, monga SIM800L ya kampani ya SIMCom, ndi foni yopanda mabatani ndi sikirini. Amalowetsedwa simukadi ndipo amatha kutumiza SMS, kuimba foni ndi kutumiza data pang'ono. Amafika kulikonse komwe kuli netiweki, choncho ndi omwe amagwira ntchito pa alamu yoimbira mwini golosale usiku chitseko chikatsegulidwa, kapena pa pampu yakumunda yoyatsidwa ndi SMS. Kuipa kwake n'kwakuti simukadiyo imafuna mayunitsi nthawi zonse, ndipo iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika monga simukadi ina iliyonse.

Palinso LoRa, luso lomwe linayambira ku kampani yaing'ono ya ku France yotchedwa Cycleo, yomwe kampani ya Semtech ya ku America inaigula mu 2012. LoRa imatumiza uthenga wochepa kwambiri koma pamtunda wa makilomita angapo pamalo opanda zotchinga, osafuna simukadi kapena mayunitsi, ndipo imadya moto pang'ono. Ndi yothandiza poyeza madzi muthanki yomwe ili kutali kapena chinyezi m'munda.

Phunziro la ku Kenya

Umboni wakuti kabodi kamodzi kangasinthe malonda onse uli ku Kenya. Kampani ya M-KOPA, yomwe inayamba kugulitsa katundu wake mu 2012, inkafuna kugulitsa masola kwa mabanja omwe sakanatha kulipira ndalama yonse nthawi imodzi. Inaika module ya GSM ndi simukadi m'kati mwa bokosi la sola. Wogula amapereka kandalama koyambira, kenaka n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa M-Pesa. Ndalama ikalowa, uthenga umapita ku bokosilo ndipo magetsi amayaka. Masiku omwe analipira akatha, bokosi limadzitseka lokha mpaka atalipiranso. Ngongole ikatha, solayo imakhala yake kotheratu.

Sola, batire ndi mababu zinalipo kale pamsika. Chatsopano chinali njira yakuti wogulitsa alankhule ndi katundu wake ali kutali, zomwe zinapangitsa kuti kukongoza munthu wosamudziwa kusakhalenso kutaya ndalama. Wamalonda wamng'ono sangamange zonsezi payekha, koma mfundo yake ndi yomweyo ngakhale pa benchi la mumsika: kasitomala salipira kabodi, amalipira vuto lomwe kabodiko kamuthetsera.

Pomwe ambiri amaotchera ndalama

Chomwe chimapha ma module ambiri ndi moto wolakwika. ESP8266 imafuna 3.3V, ndipo kuipatsa 5V mwachindunji kumaiotcha. Mabodi ena okulirapo, monga NodeMCU, ali ndi kachipangizo kotsitsa moto ndiye amalandira 5V kudzera pa USB, koma ESP-01 yopanda kanthu ilibe. Komanso ikamatumiza uthenga imakoka moto wambiri mwadzidzidzi, kuposa womwe mwendo wa 3.3V wa Arduino Uno ungapereke. Zotsatira zake imangozima n'kumayakanso, ndipo wosadziwa amaitaya poganiza kuti ndi yowonongeka.

SIM800L ndi yovuta kuposa apo. Imafuna moto wapakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo ikamalumikizana ndi nsanja ya netiweki imatha kukoka mpaka 2A kwa kanthawi kochepa. USB ya kompyuta siingakwanitse zimenezi. Batire ya lithium ya 3.7V, monga ija ya 18650 yomwe imapezeka m'matochi ndi m'mabatire a laputopu, imaiyenera bwino, makamaka ngati mawaya ndi aafupi, onenepa, ndipo pali capacitor yaikulu pafupi ndi module. Kababu kake kamanena zonse: kakamaphethira pafupifupi sekondi iliyonse ndiye kuti ikufunafuna netiweki, kakamaphethira kamodzi pa masekondi atatu ndiye kuti yalumikizika. Wogulitsa wodziwa zimenezi akhoza kuyesa module pamaso pa kasitomala ndalama isanasinthe manja.

Chachiwiri ndi eriyo. Ma module otsika mtengo a 433 MHz amabwera opanda eriyo, ndipo akasiyidwa choncho amangofika mamita owerengeka. Kuwotchererapo waya wowongoka wotalika masentimita 17.3 kumasintha zinthu kwambiri. Muyesowu si wongoganizira, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa funde la 433 MHz, choncho waya wautali kuposa apo sawonjezera mtunda. Ma module a 2.4 GHz ambiri ali ndi eriyo yojambulidwa pabodi pomwepo, kamzere kamkuwa kokhotakhota kumapeto kwake. Kameneka sikayenera kukhudzana kapena kuyandikana ndi chitsulo. Module ikatsekeredwa m'bokosi lachitsulo, monga momwe alili ma ampulifaya ambiri, mphamvu yake imatsekeredwa momwemo. Njira yake ndi kuiika kuseri kwa pulasitiki yakutsogolo, kapena kugula ya mtundu wokhala ndi polumikizira eriyo yakunja. Ma module amphamvu, monga a LoRa ndi a GSM, asamayatsidwe opanda eriyo chifukwa angathe kuwonongeka.

Chachitatu ndi phokoso. Kabodi ka Bluetooth kakamamwa moto pamalo amodzi ndi ampulifaya, nthawi zambiri m'masipika mumamveka kulira kopyapyala kosalekeza. Kasitomala amamva zimenezi usiku kunyumba kukakhala zii, ndipo m'mawa amabweza katundu. Okonza odziwa amapatsa kabodiko moto wakewake, kapena amaika pakati kachipangizo kolekanitsa moto monga B0505S. Ndi kanthu kakang'ono koma kamateteza mbiri ya benchi.

Nambala zofunika kuwerenga musanalipire

Malimoti a mageti ndi a alamu amabwera pa 315 MHz kapena 433 MHz, ndipo kunja amaoneka ofanana ndendende. Limoti ya 315 siingatsegule geti ya 433 ngakhale itakhala yatsopano motani. Woitanitsa katoni yonse osafunsa nambalayi angathe kutsala ndi katundu wopanda womugula.

Palinso nkhani ya chitetezo. Malimoti otsika mtengo okhala ndi chip monga PT2262 kapena EV1527 amatumiza nambala yomweyomweyo nthawi iliyonse batani likadinidwa, choncho ndi osavuta kukopera. Pa belu lapakhomo kapena babu palibe vuto. Pa geti ya nyumba kapena chitseko cha shopu, ndi bwino kumuuza kasitomala zoona n'kumusonyeza malimoti a rolling code, omwe nambala yake imasintha pakudina kulikonse. Chimodzimodzi HC-05 imabwera ndi nambala yachinsinsi yodziwika ndi aliyense, kawirikawiri 1234, yomwe iyenera kusinthidwa ngati module ikuyendetsa loko.

Pa LoRa, ma module a 915 MHz anapangidwira maiko a ku America. Kuno mafunde oyandikana ndi amenewo ndi omwe makampani a mafoni amagwiritsa ntchito pa GSM 900, kotero module yotere ingasokoneze kapena kusokonezedwa ndi netiweki ya mafoni. Maiko a ku Ulaya ndi ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito 868 MHz kapena 433 MHz.

Nayo SIM800L imadziwa 2G yokha. Kuno 2G ikadalipo ndipo mafoni ambiri a mabatani amadalira yomweyo, koma maiko ena anaizimitsa kale: Singapore inatero mu 2017, ndipo boma la South Africa linalengeza kale cholinga chozimitsa 2G ndi 3G. Wopanga chipangizo choti chikagwire ntchito ku Joni, kapena choti chikhale zaka zambiri, aganizire ma module a 4G ngakhale ndi okwererapo mtengo.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ma module otchuka ali ndi achinyengo ake ambiri. Mwachitsanzo nRF24L01 ya kampani ya Nordic Semiconductor ya ku Norway inakoperedwa kwambiri, ndipo okoperawo nthawi zina amakana kulankhulana ndi enieni ngakhale zolemba pamwamba zili zofanana. Ngati ntchito ikufuna ma module awiri kapena kuposa oti azilankhulana, ndi bwino onse achokere kwa wogulitsa mmodzi komanso mu oda imodzi.

Lamulo likuti chiyani?

Mafunde a wailesi ndi chuma cha dziko ndipo ali ndi oyang'anira. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo pano limagwira ntchito pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016. Bungweli ndi lomwe limavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zomwe zingalowe ndi kugulitsidwa m'dziko muno. Ku Zambia kuli ZICTA, ku Mozambique kuli INCM, ndipo ku South Africa kuli ICASA. Izi zikukhudza amalonda odutsa pa Mchinji kupita ku Chipata, kapena pa Mwanza kulowera ku Tete.

Ma module abwino amakhala ndi kachivindikiro kachitsulo pamwamba pa chip, kolembedwa FCC ID kapena CE, kusonyeza kuti anayesedwa motsatira malamulo a ku America kapena a ku Ulaya. Zolembazi n'zothandiza posankha katundu, koma sizilowa m'malo mwa chilolezo cha kuno. Komanso chiphaso cha module chimagwira ntchito ngati ikugwiritsidwa ntchito ndi eriyo ya mtundu womwe inayesedwa nawo. Kuikapo eriyo yaikulu kapena chowonjezera mphamvu kuti ifike patali kungaichotse m'malire ololedwa. Yemwe akufuna kuoda zochuluka, kapena kupanga chipangizo chake choti azigulitsa ndi dzina lake, ayambe wafunsa ku MACRA katundu asananyamuke. Safunsa anadya phula, ndipo katoni yogwidwa pachipata siibweza mpamba.

Kuwerengera mtengo

Ma module onse amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho mtengo wake umayenda ndi dola. Pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wamalonda aliyense yemwe anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama yomwe watolera siikukwananso kuoda katundu wofanana ndi yemwe watha. Mtengo wogulitsira uyenera kuchokera pa ndalama yomwe idzafunike pokaoda kachiwiri, osati yomwe inalipidwa miyezi itatu yapitayo.

Pamwamba pa mtengo wogulira pamafunika kuwonjezera zonyamulira, msonkho wa ku MRA, ndalama yodulidwa potumiza malipiro, komanso ma module ofika akufa kapena opsa poyesa. Masamu ake ndi osavuta: ngati mwa ma module 20 awiri sakugwira ntchito, mtengo wa aliyense mwa 18 otsalawo wakwera ndi 11 peresenti. Woiwala kuwerengera zimenezi amaona ngati akupindula pomwe akudya mpamba.

Phindu lenileni silikhala pa kabodi kokha, chifukwa wina pa benchi loyandikana akhoza kukagulitsa motsikirapo. Lili pa ntchito yomalizidwa. Wailesi yakale yoikidwa Bluetooth, yoyesedwa, yopanda phokoso, komanso yokhala ndi lonjezo lakuti ikavuta m'sabata ziwiri ibwere, imagulidwa pa mtengo womwe kabodi kali m'pepala sikangaufike. Wogulitsa yemwe sadziwa kuwotcherera akhoza kugwirizana ndi wokonza wodalirika, wina n'kumabweretsa katundu ndi makasitomala, winayo n'kumagwira ntchito, phindu n'kumagawana monga apanganirana.

Kasungidwe nako n'kofunika. Ma module azikhala m'timapepala tawo tonyezimira tomwe amabweramo, chifukwa timateteza ku moto womwe umadziunjika m'thupi ndi m'zovala, womwe umatha kupha chip popanda chizindikiro chooneka. Azisungidwa pouma, kutali ndi fumbi ndi dzuwa, ndipo pepala lililonse lilembedwe mtundu, muyeso wa moto ndi nambala ya MHz, kuti mnyamata wotsala pa benchi asasakanize.

Poyambira pabwino

Kwa woyamba kumene, kabodi ka Bluetooth ka mawu ndi komwe kali ndi chiopsezo chochepa. Sikafuna pulogalamu, makasitomala ake alipo kale, ndipo zida zofunika ndi zomwe wokonza mawailesi ali nazo: chowotcherera, mtovu ndi mita yoyezera moto. Oda yoyamba ikhale yaing'ono, ma module asanu kapena khumi, ndipo aliyense ayesedwe tsiku lomwe wafika kuti ngati pali vuto wotumiza adziwitsidwe msanga. Malimoti a 433 MHz akhoza kubwera pambuyo pake, kenaka ma alamu a GSM luso likakhwima.

M'kabuku ka malonda muzilembedwa komwe module iliyonse inachokera, tsiku lomwe inagulitsidwa, ndi ngati inabwezedwa. Pakatha miyezi itatu, kabukuko kamasonyeza kokha wotumiza woyenera kumuoderanso ndi woyenera kumusiya.